Mmene ndinadziwira kuti kadontho kamodzi kamalembedwa m'njira zambiri mu polar coordinates

Ndikulemba izi mtima utakhala pansi, patatha sabata yathunthu ndikulimbana ndi funso limodzi la masamu. Funsolo linkafuna kuti tilembe kadontho (4, 30°) m'njira zina zinayi, pamene 4 ndi mtunda wochokera pakati (r), ndipo 30° ndi ngodya (θ) imene imayezedwa kuchokera pa mzere woloza kumanja, mozungulira motsutsana ndi mivi ya wotchi.

Njira ziwiri zoyamba sizinandivute, chifukwa munthu akazungulira 360° amabwerera pamene anali, choncho (4, 390°) ndi (4, −330°) ndi kadontho komweko. Pamene ndinagwa ndi pa mtunda wa mainasi. Ndinangolemba (−4, 30°) ndi (−4, 390°), ndipo pepala linabwera lili ndi mizere yofiira popanda mawu alionse ofotokoza cholakwa changa.

Lachiwiri ndinanyamuka ku Area 25 m'mamawa, ndinakwera minibasi ziwiri kuti ndikaonane ndi aphunzitsi, koma ofesi yawo ndinaipeza yotseka ngakhale kuti pachitseko panalembedwa kuti tsikulo amakumana ndi ophunzira. Ndinauzidwa kuti ndidikire mpaka masana, ndipo ndinakhala pa benchi ndi njala kufikira 3 koloko, pamene munthu wina anabwera kudzanena kuti aphunzitsiwo anapita ku msonkhano kuyambira m'mawa. Ndalama yoyendera inapita pachabe, tsiku lowerenga linathera pakhonde, ndipo chimene chimandipwetekabe ndi chakuti kapepala kamodzi pachitseko kakanandipulumutsa ku zonsezi.

Yankho la funso lija ndi ili: mtunda wa mainasi umatanthauza kuti mwayang'ana mbali imene ngodya ikuloza, koma mukuyenda chafutambuyo kudutsa pakati. Choncho mukasintha chizindikiro cha r, muyenera kuwonjezera kapena kuchotsa 180° pa ngodya. Mayankho olondola anali (−4, 210°) ndi (−4, −150°), pamene (−4, 30°) yangayo inali kadontho ka mbali inayo, kofanana ndi (4, 210°).

Ndaiwala kunena kuti Lolemba usiku ndinayesa kudzitsimikizira pogwiritsa ntchito x = r cos θ ndi y = r sin θ, koma kakyuleta yanga inali pa RAD (ma radian, njira ina yoyezera ngodya), moti sin 30 inkapereka −0.988 m'malo mwa 0.5. Yang'anani kaye ngati pagalasi pakuoneka DEG (madigiri) musanawerengere chilichonse. Ngati funso lili mu ma radian, gwiritsani ntchito 2π m'malo mwa 360° ndi π m'malo mwa 180°. Nditakonza zimenezi, (4, 30°) ndi (−4, 210°) zonse zinapereka x = 3.46 ndi y = 2, ndipo ndinadziwa kuti zatheka.

Ndibwerezenso, chifukwa malikisi anga anathera pamenepa: r akakhala wa mainasi, ngodya isinthe ndi 180°, osati 360°. Lachitatu ndinabwereranso, ndipo aphunzitsiwo anajambula mzere umodzi wodutsa pakati n'kundifotokozera zonse m'mphindi ziwiri zokha. Anandichenjezanso za kadontho ka pakati penipeni, kamene r wake ndi 0 ndipo kamalola ngodya iliyonse, moti (0, 30°) ndi (0, 200°) ndi malo amodzi.