Mmene Ndinasankhira Macheka a Injini Ogwetsera Mitengo Ikuluikulu Yolimba

Macheka amene ndakhala ndikudulira nkhuni ndi kusadzira nthambi ali ndi injini ya 50 cc (cc ndi muyeso wa kukula kwa injini), ndipo pa ntchito imeneyo sindinawapezepo chifukwa. Koma itandipeza ntchito yogwetsa mitengo ikuluikulu yokhwima, ya mtundu wolimba monga bulugamu wakale, ndinadziwa kuti macheka amenewa sangaikwanitse popanda kuwazunza. Injini yaing'ono ikalowa m'thunthu lalikulu lolimba imayamba kulira molemedwa, tcheni chimayenda pang'onopang'ono, ndipo wodula amayamba kukanikiza ndi manja ake, kumene kumatenthetsa chitsulo, kuononga injini ndi kumutopetsa msanga. Munthu wotopa amene waima pansi pa mtengo wodulidwa theka ali pangozi, ndipo mfundo imeneyi ndi imene inanditsogolera pa chilichonse chimene ndinasankha pambuyo pake.

Ndisanaone macheka alionse ndinayamba ndayeza mitengoyo, nditatsimikiza kaye kuti chilolezo choigwetsa chilipo, popeza m'mayiko ambiri mtengo waukulu sudulidwa popanda chilolezo ngakhale uli pamalo a mwini wake. Ndinazunguliza tepi pa thunthu lililonse pa msinkhu wa pachifuwa, pafupifupi mita 1.3 kuchokera pansi, kenako ndinagawa nambalayo ndi 3.14 kuti ndipeze kukula kwa thunthulo m'mimba mwake. Thunthu la masentimita 220 kuzungulira limakhala la masentimita 70 m'mimba mwake. Ndinayezanso m'munsi, pamene macheka adzadutse, chifukwa mitengo yambiri yolimba imatambasuka kwambiri pafupi ndi mitsitsi. Yambiri inali pakati pa masentimita 60 ndi 80, ndipo yoposa mita imodzi inali yochepa kwambiri. Ndinaganiza zosankha macheka oyenera mitengo yambiriyo, osati oyenera mtengo umodzi waukulu kuposa yonse.

Kuchokera pa miyeso imeneyi ndinafika pa kutalika kwa bar, chitsulo chimene tcheni chimazungulirapo. Anthu ambiri amaganiza kuti bar iyenera kutalika kuposa thunthu, koma si choncho nthawi zonse. Wodula wophunzitsidwa bwino, amene amadziwa kulowetsa nsonga ya bar m'thunthu ndi kudula kuchokera mbali zonse ziwiri, angathe kugwetsa mtengo umene m'mimba mwake ndi pafupifupi kawiri kutalika kwa bar yake. Komabe kudula kuchokera mbali ziwiri kumafuna kuti mizere iwiriyo ikumane bwinobwino, ndipo pa mtengo wolimba kuphonya pang'ono kumawonjezera ntchito yambiri. Ndinaona kuti bar ya masentimita 63 ikhoza kudutsa mitengo yanga yambiri ulendo umodzi kapena kutsala pang'ono, ndipo ikuluikulu ija ndikhoza kuidula mbali ziwiri popanda vuto. Bar ya masentimita 90 inandikopa, koma imalemera kutsogolo, imafuna oyilo wambiri, ili ndi mano ambiri oti anoledwe, ndiponso nsonga yake imakhala kutali ndi maso a wodula, motero n'kosavuta kuti igunde nthaka, mwala kapena nthambi imene sanaione.

Bar ikasankhidwa, injini iyenera kukhala yotha kuikoka, chifukwa mano onse amene ali m'kati mwa mtengo pa nthawi imodzi amafuna mphamvu. Macheka a 50 mpaka 60 cc amagwira bwino ndi bar ya masentimita 40 mpaka 50, koma kuwaika bar yaitali pa mtengo wolimba n'kuwapempha zimene sanapangidwire. Gulu lotsatira ndi la 70 cc, ndipo m'menemo muli Stihl MS 462 ya 72.2 cc imene imatulutsa mphamvu ya 4.4 kW, Husqvarna 572 XP ya 70.6 cc ndi 4.3 kW, komanso Echo CS-7310 ya 73.5 cc. Pamwamba pang'ono pali Stihl MS 500i ya 79.2 cc ndi 5.0 kW, imene ilibe kabuleta chifukwa mafuta amapoperedwa m'injini motsogoleredwa ndi zamagetsi. Kenako pamabwera gulu la 90 cc, monga Stihl MS 661 ya 91.1 cc ndi Husqvarna 592 XP ya 92.7 cc, ndipo pamapeto pali zimphona zoposa 115 cc, monga Husqvarna 3120 XP ndi Stihl MS 881, zimene kawirikawiri amazigwiritsa ntchito pocheka matabwa kapena pogwetsa mitengo ya kukula kwachilendo. Zimphonazi ndinazisiya mosavuta. Pamene ndinakhalitsa ndi pakati pa 70 cc ndi 90 cc.

Chimene chinathetsa nkhaniyi ndi kulemera. Nambala imene opanga amalemba imakhala ya mutu wa macheka wokha, wopanda bar, tcheni, petulo ndi oyilo. MS 462 imalembedwa makilogalamu 6.0, 572 XP makilogalamu 6.6, pamene macheka a 90 cc amapitirira makilogalamu 7, ndipo zonse zikaikidwapo kulemerako kumawonjezeka ndi makilogalamu awiri kapena kuposa. Papepala kusiyana kwa kilogalamu imodzi ndi theka kumaoneka kochepa, koma kugwetsa mtengo ndi gawo laling'ono chabe la ntchito. Mtengo ukagwa pamatsala kusadza nthambi zonse, kudula thunthu m'zipika, kuwerama, kudzuka ndi kuyenda pakati pa nthambi macheka ali m'manja, ndipo m'maola amenewa ndi mmene msana ndi mapewa zimamvera kilogalamu iliyonse. Ndinapempha wogulitsa kuti amangirire bar ya masentimita 63 pa macheka a magulu onse awiri, ndipo ndinawanyamula chopingasa mmene munthu amawagwirira pogwetsa mtengo, kenako ndinawerama nawo mmene amachitira podula chipika chimene chili pansi. Ndinaonanso ngati mutu ndi bar zikulingana pamene ndawagwira ndi dzanja limodzi pa chogwirira cha kutsogolo, chifukwa macheka amene nsonga yake imagwera pansi amatopetsa mkono tsiku lonse. A 90 cc ndinawanyamula ndithu, koma ndinadziwa kuti pofika masana ndidzakhala ndikulimbana nawo m'malo mowatsogolera. Amene amagwetsa mitengo yoposa mita imodzi tsiku ndi tsiku, kapena amene akufuna kucheka matabwa, ayenera kutenga a 90 cc popanda kukayika, chifukwa kucheka motsatira utali wa thunthu kumalemetsa injini kuposa ntchito ina iliyonse. Kwa ine, ndi mitengo imene ndinayeza ija, gulu la 70 cc linali lokwanira.

Nditakhazikika pa gulu limeneli ndinayang'ana kapangidwe. Macheka opangidwira ntchito ya tsiku lonse amakhala ndi thupi la injini la magnesium m'malo mwa pulasitiki, ndipo amatha kumasulidwa ndi kukonzedwa kwa zaka zambiri. Ndinafuna akhale ndi kabatani kotulutsa mpweya wina m'silinda powaliza, chifukwa kukoka chingwe cha injini yaikulu popanda kabatani kameneka kumapweteka phewa. Ndinafunanso pampu ya oyilo wa tcheni imene munthu angaisinthe kuti itulutse wambiri, popeza bar yaitali m'mtengo wolimba wouma imatentha msanga ngati oyilo ndi wochepa. Masipuling'i ochepetsa kunjenjemera ndinawaona kukhala ofunika kwambiri, chifukwa kunjenjemera kwa zaka zambiri kumaononga mitsempha ya m'manja mpaka zala kuchita dzanzi ndi kuyera, ndipo vuto limeneli likakhazikika silichoka msanga. Mano achitsulo a kutsogolo kwa injini, amene amaluma khungwa kuti macheka atsamirepo, ndinasankha aakulu ndiponso a mbali zonse ziwiri za bar.

Za tcheni ndinaphunzira zambiri kuposa mmene ndinkayembekezera. Tcheni chilichonse chili ndi miyeso itatu imene iyenera kugwirizana ndi bar ndi giya yochikoka: kutalikirana kwa mfundo zake, kumene pa macheka a 70 cc nthawi zambiri kumakhala 3/8 ya inchi, kunenepa kwa tizitsulo toyenda mumsewu wa bar, kumene kumakhala mamilimita 1.3, 1.5 kapena 1.6, ndi chiwerengero cha tizitsulo timeneti. Miyeso imeneyi imadindidwa pa bar penipenipo, ndipo ndinailemba kuti ndisamasokoneze pogula china. Mano nawonso ali mitundu iwiri ikuluikulu. A kona yakuthwa amadula mofulumira m'mtengo waukhondo wauwisi, koma akangokhudza mchenga amabuntha nthawi yomweyo. A kona yozungulira pang'ono amadula mochedwerapo, koma amapirira khungwa la fumbi ndi mtengo wouma, ndiponso ndi osavuta kunola. Ndinagula mitundu yonse iwiri, a kona yakuthwa ogwetsera ndi a kona yozungulira odulira zipika zimene zagona padothi. Kapangidwe ka mano amenewa kanachokera kwa Joseph Cox, amene anaonetsetsa mmene mphutsi ya kachilombo koboola mitengo imadyera mtengo, n'kuyamba kupanga tcheni chotere mu 1947 ku Portland, m'chigawo cha Oregon ku America. Mano a tcheni cha 3/8 amanoledwa ndi tupa, kukula kwake mamilimita 5.2 kapena 5.5 malinga ndi kampani imene inapanga tchenicho, pa ngodya ya madigiri 25 mpaka 30, ndipo kachitsulo ka kutsogolo kwa dzino lililonse kayenera kutsika pafupifupi mamilimita 0.65 kuti dzinolo lilume mokwanira. Tcheni chakuthwa chimataya tizidutswa ta mtengo tooneka bwino, pamene chobuntha chimatulutsa utuchi wosalala, ndipo macheka a 70 cc a tcheni chakuthwa amadula mofulumira kuposa a 90 cc a tcheni chobuntha. Ndinawonjezera bar yachiwiri ya masentimita 50, imene imapepuza macheka pa ntchito yosadza ndi yodula zipika zapakatikati.

Posankha pakati pa makampani sindinataye nthawi yambiri, chifukwa macheka onse amene ndatchula a gulu limeneli angagwire ntchitoyi. Ndinafunsa kuti ndi ati amene zipangizo zake zosinthira zimapezeka msanga ndiponso amene ali ndi makaniko wowadziwa pafupi, makamaka popeza macheka ambiri atsopano amasintha okha kayendedwe ka mafuta kudzera m'njira monga M-Tronic ya Stihl ndi AutoTune ya Husqvarna, ndipo zikavuta pamafunika wokonza amene ali ndi chida choyezera. Macheka ogwiritsidwapo kale ndinawaganiziranso, ndipo amene angasankhe njira imeneyo achotse chotulutsira utsi n'kuona ngati pisitoni ili ndi mikwingwirima, akoke chingwe pang'onopang'ono kuti amve ngati injini ikukana mokwanira, ndiponso atsimikize nambala ya macheka, chifukwa achinyengo otengera mayina otchuka alipo ambiri.

Zovala zodzitetezera ndinaziwerengera pamodzi ndi macheka, osati ngati zodzagula mtsogolo. Ndinagula thalauza lokhala ndi ulusi umene umatuluka n'kukola giya tcheni chikalikhudza, ndipo ndinaona kalasi yake, popeza kalasi 1 imayesedwa pa tcheni chothamanga mamita 20 pa sekondi, kalasi 2 mamita 24 ndi kalasi 3 mamita 28. Ndinagulanso chisoti chokhala ndi chotchinga kumaso ndi zotseka m'makutu, chifukwa phokoso la macheka otere limapitirira madesibelo 100, pamodzi ndi nsapato zolimba ndi magolovesi. Ngozi yoopsa kwambiri imachitika mbali ya pamwamba ya nsonga ya bar ikakhudza chinthu, pamene macheka amadumpha kubwerera kumaso kwa wodula mofulumira kuposa mmene dzanja lingawaletsere, ndipo injini ikakhala yaikulu kudumphako kumakhalanso kwamphamvu. Buleki ya tcheni ndinaiyesa ndisanachoke nawo, ndipo ndimaiyesa m'mawa uliwonse wa ntchito. Njira yolowetsa nsonga m'thunthu sindinaiphunzire ndekha, ndinaiphunzira kwa wodula waluso ataima pambali panga, ndipo sindingalimbikitse munthu aliyense kuiyesa mwanjira ina.

Poyamba ntchito ndinasakaniza mafuta pa mlingo wa 50:1, kutanthauza mamililita 100 a oyilo wa injini zotere pa malita 5 a petulo, ndipo pa matanki oyambirira ndinapewa kuthamangitsa injini kotheratu isali m'mtengo. Tcheni chatsopano chimatamuka msanga, choncho ndinkazimitsa injini pafupipafupi n'kuchikunga. Pa mtengo woyamba, wa masentimita 70 m'mimba mwake, ndinaona kumene wapendekera ndi nthambi zouma za kumwamba, ndinalambula njira yothawira cha kumbuyo mopingasa pa madigiri 45, ndipo ndinatsimikiza kuti panalibe munthu pa mtunda wa kawiri kutalika kwa mtengowo. Ndinasema mpata kumbali yogwera, kuya kwake pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a thunthu, kenako podula kumbuyo ndinasiya masentimita 7 osadulidwa, gawo limodzi mwa khumi, amene amagwira mtengo ngati mahinjesi a chitseko kuti ugwere kumene walozedwa. Ndinakhomera maweji a pulasitiki, zidutswa zopyapyala kunsonga ndi zonenepa kumbuyo, mumzere wa kumbuyo kuti thunthu lisapane bar ndiponso kuti likankhidwe kupita kutsogolo. Podula zipika ndinayamba ndaona mbali imene mtengo wapanikizika ndi mbali imene wakokeka, n'kuyambira kudula pang'ono mbali yopanikizika ndisanamalizire mbali inayo, ndipo ndinkaima kumtunda kwa chipika nthawi zonse, chifukwa chipika chauwisi cha mtengo wolimba, cha masentimita 70 m'mimba mwake ndi mamita 3 m'litali, chimalemera pafupifupi tani imodzi kapena kuposa.