Skylab wanga wa zitini, sabata yachisanu: phiko likhala limodzi

Thunthu latha. Ndalumikiza zitini ziwiri za mkaka wa ufa, chilichonse masentimita 10 m'mimba mwake, kuyimira chipinda chachikulu cha Skylab, siteshoni ya mumlengalenga ya dziko la America, chomwe chinali mamita 6.6. Zitini zikuyenera ntchitoyi, poti nacho chipindacho chinali thanki ya mafuta. A NASA, bungwe la America loona za mumlengalenga, anatenga gawo la roketi lotchedwa S-IVB n'kulikonza kuti anthu azigonamo, kudyeramo ndi kugwiriramo ntchito.

Chandichedwetsa ndi mapiko a sola. Ndinadula awiri pa katoni, n'kuwapaka utoto. Usiku wa Lachitatu limodzi ndinaliika padera. Mwana wa mchemwali wanga ataona anafunsa kuti, "Amalume, linalo lathyoka?" Ndinamukhazika pansi.

Skylab ananyamuka pa 14 May 1973, wopanda munthu. Itangokwana mphindi imodzi, chishango chomuteteza ku dzuwa ndi timiyala ta mumlengalenga chinang'ambika. Phiko limodzi la sola linazuka n'kutayika, linalo linapanidwa ndi kachitsulo, osatambasuka. Magetsi anachepa, mkati munatentha kufika madigiri 52 Celsius. Anthu oti akakhalemo anadikira pansi mpaka pa 25 May, akatswiri akusoka ndi kuyesa zida usana ndi usiku. Pete Conrad, Joe Kerwin ndi Paul Weitz atafika, anatulutsa ambulera yotchinga dzuwa pa kabowo ka zida za sayansi n'kuitambasula kunja, kutentha n'kuyamba kutsika. Pa 7 June Conrad ndi Kerwin anatuluka panja ndi chodulira chomangirira ku mtengo wautali, anadula kachitsulo kaja, n'kukoka ndi chingwe mpaka phiko linatambasuka. Anakhalamo masiku 28.

Ndiye mapiko awiri ndingamate bwanji? Skylab wotero sanakhalemo munthu. Ndikufuna uyu wovulala, amene anthu anamupulumutsa ndi manja awo. Pamene panali phiko lotayika ndasiyapo tizingwe ta kopa tolendewera.

Ambulera yandivuta kwambiri. Pepala lonyezimira la mphatso likung'ambika ndikangolikoka pa waya, ndataya atatu. Pepala lachinayi ndalimata pa kansalu kopyapyala, lagwira, ndipo makwinya ndawasiya dala chifukwa yeniyeniyo sinatambasuke bwinobwino.

Pa shelefu ndasiya malo a Salyut 1, siteshoni ya mumlengalenga ya Soviet Union, amene anatsogola kunyamuka pa 19 April 1971. Ameneyo ndidzamuyamba mtima utakhazikika. Dobrovolsky, Volkov ndi Patsayev anakhalamo masabata atatu, n'kufera m'njira pobwerera, valavu itatseguka mpweya n'kuthera kunja. Sindifuna kumumanga mothamanga.

Loweruka ndiyamba nsanja ya telesikopu yoonera dzuwa ya pa Skylab, ya mapiko anayi opingasana. Waya wa masipoko a njinga ndapeza kale, koma guluu amene ndili naye sakugwira pa chitini. Ndiyesa kuboola ndi msomali n'kumanga ndi waya wofewa, monga tinkachitira ndi magalimoto athu tili ana.