Ford ya 1932 yandisowetsa tulo

Anzanga, usiku wonse ndimangoonera zithunzi za Grand National Roadster Show, chionetsero cha ma hot rod (galimoto zakale zosinthidwa kuti zizithamanga kwambiri) chomwe chinayamba mu 1950 ku Oakland, pano chimachitikira ku Pomona, California. Ford ya 1932 ija amaitsitsa pansi, kuchotsa zotchinga matayala, n'kuikamo injini ya V8 yoti ikalira nthaka imachita kunjenjemera. Penti yake mukhoza kudziyang'anirapo popesa tsitsi!

Koma ine mtima wanga uli pa anyamata oyambirira aja, omwe ankatola masipeyala otayidwa n'kukapikisana liwiro pa nyanja zouma za Muroc ndi El Mirage ku California komweko. Zina za masiku ano n'zongopukutidwa, zimabwera pa lole, msewu siziudziwa n'komwe. Ine ndipatseni yafumbi ija, yonunkha oilo.