Zimene Land Rover yonjenjemera inandiphunzitsa za propshaft

Gawo lino la maphunziro anga a umakaniko ndikulichitira pa galaja ina muno mu Chipata, ndipo ntchito imene yandisula kwambiri ndi ya Land Rover Series III ya mlimi wina wa cha ku Lundazi. Galimoto zamtunduwu zinkapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, motero iyi inaona dzuwa ine ndisanabadwe. Mwini wake ankadandaula kuti ikangofika pa makilomita 60 pa ola imayamba kunjenjemera, ndipo anali atalipira kale kawiri kuti matayala achitidwe balansi, koma vuto silinasunthe.

Inenso ndinathamangira kunamizira matayala omwewo. Amisiri amene akundiphunzitsa sananditsutse, anangondifunsa kuti, "Mwana wanga, kunjenjemerako ukukumva m'manja kapena pampando?" Ndinalibe yankho, choncho tinaitulutsa mu msewu wa Great East, mbali yopita ku Katete. Chiwongolero chinali bata, koma pansi pa mapazi ndi pampando pamamveka kulira kosalekeza ngati munthu watsamira khoma la chigayo. Atachotsa giya n'kuisiya galimoto kuti iziyenda ndi liwiro lake, injini inatsika mawu koma kunjenjemera kunakhalabe, ndipo zimenezi zinaichotsa injini pa mlandu.

Chimene chinanditsegula maso ndi masamu amene tinawerengera pa katoni titabwerera. Difu ya Series III, bokosi la magiya la pakati pa mawilo, ili ndi chiwerengero cha 4.7, kutanthauza kuti tayala likazungulira kamodzi, propshaft, chitsulo chachitali chopititsa mphamvu ya injini ku difu, imakhala itazungulira pafupifupi kasanu. Tayala la 7.50 x 16 limayenda mamita pafupifupi awiri ndi theka likazungulira kamodzi, ndiye pa makilomita 60 pa ola limazungulira pafupifupi ka 400 pa mphindi, pamene propshaft imapitirira ka 1,800. N'chifukwa chake tayala lopanda balansi limagwedeza galimoto moti munthu angathe kutsatira kugunda kwake, koma propshaft imangong'ung'udza.

Ndisanalowe pansi anandiuza kuti ndiike miyala ku matayala, chifukwa handibuleki ya galimoto imeneyi ili kumbuyo kwa transfer box, bokosi logawa mphamvu ku mawilo akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo imagwira propshaft, moti ukamasula propshaft yakumbuyo palibenso chogwira mawilo. Propshaft yakumbuyoyo sinapindike, ndipo tizitsulo ta balansi towotcheredwa pamenepo tinali tonse. Koma pa universal joint yakufupi ndi difu, mfundo yolola propshaft kuzungulira itapendekeka, imene amakaniko kuno amangoti cross, panali fumbi lofiira la dzimbiri mozungulira makapu ovala nsonga zake zinayi, chizindikiro choti tisingano ta m'kati tauma ndipo tikudyana. Nditaipotokola ndi manja inagwedera. Girisi inali isanafikepo kwa nthawi yaitali, pamene galimotoyo imawoloka matope dzinja lililonse. Pofuna kutsimikiza tinachotsa propshaft yonseyo, tinakanikiza ndodo yamutu wachikasu kuti mawilo akutsogolo akoke, ndipo galimoto inayenda mosalala.

Cross yatsopano ndinaiika ndekha pa vaisi, mosamala kuti kasingano kasagwere pansi pa kapu. Kenako, pofuna kuonetsa khama, ndinasolola mbali yotsetsereka ya propshaft, imene imalowa m'kati mwa inzake, kuti nditsuke mano ake, koma sindinalembe chizindikiro. Titaiyesanso, galimoto inanjenjemera kuposa mmene inabwerera, makamaka pokwera chitunda.

Amisiri aja anaigoneka propshaft pansi n'kundiuza kuti ndiyang'ane mafoloko ogwira cross a mbali ziwiri za chitsulocho. Anali atasemphana ndi mano angapo. Apa m'pamene zimene ndinaloweza m'kalasi zinakhala zenizeni. Universal joint ikamagwira ntchito itapendekeka siipereka liwiro lofanana: mbali yotuluka imafulumira ndi kuchedwa kawiri pa kuzungulira kumodzi. Yachiwiri, ya mbali ina ya propshaft, imafafaniza kusinthasinthako pokhapokha mafoloko awiriwo ali pa mzere umodzi ndiponso kupendekeka kwa mbali zonse kukufanana. Ine ndinali nditachotsa chilema chimodzi n'kuikapo china ndi manja anga, ndipo chondichititsa manyazi n'choti titapala utoto ndi dothi tinapeza timivi tiwiri toloza malo oyenera kulumikiza. Anandichenjezanso kuti ndisatenge lamuloli ngati la galimoto iliyonse, popeza propshaft yakutsogolo ya Land Rover Defender inapangidwa dala mafoloko ake ali osemphana.

Mfundo ya kupendekeka ija ndi imene ndikuganiza kuti ambiri timainyozera pa galimoto zakale za kuno. Masipulingi akafooka chifukwa cha matumba a chimanga ndi mtedza, kapena wina akawonjezera zitsulo kuti galimoto ikwere m'mwamba, mphuno ya difu imasintha koloza, ndipo cross yatsopano imatha msanga ngakhale yaikidwa bwino.

Titalumikiza timivi tija, kuthira girisi mpaka itatulukira m'makapu onse anayi ndi kumanga manati, galimoto inadutsa makilomita 60 pa ola popanda kudandaula. Chapafupi ndi 80 pamamvekabe kakunjenjemera pang'ono, kochokera ku mano otsetsereka aja amene adyeka ndipo akugwedera. Mlimiyo tamuuza zoona zake, ndipo wati propshaft ina adzagula akagulitsa mtedza.