Foni Yopanda Mayunitsi Pakati pa Kalahari

Sabata yathayi inayenera kukhala yopepuka. Chaka chilichonse kumapeto kwa Marichi, mvula ikamapita kokata, kampani yathu yobwereketsa magalimoto a 4x4 imandituma ndekha kukayendera misewu ndi malo ogona a m'nkhalango ya Central Kalahari ku Botswana, kuti tidziwe pamene pakumbika, pamene matope sanaume, ndiponso kumene tingalole alendo athu kudutsa. Ulendo umenewu ndimaukonda kuposa ntchito ina iliyonse. Nkhalangoyi, yomwe inakhazikitsidwa mu 1961, ndi yaikulu pafupifupi masikweyakilomita 52,800, ndipo mlendo wokagona mmenemo sapezamo mafuta, sitolo, madzi akumwa kapena mpanda wozungulira tenti yake. Chimene sananyamule ndiye kuti alibe.

Za masiku oyambirira sindichulukitsa gaga m'diwa, pakuti aliyense wa ntchito iyi akuzidziwa. Lolemba ndinadzaza dizilo ku Rakops, mudzi wa kunja kwa nkhalangoyi, ndinalowera pachipata cha Matswere, ndi kuphwetsa matayala kufika pa 1.5 bar (muyezo wa mpweya) kuti galimoto isatitimire mumchenga. Lachiwiri ndinazungulira Deception Valley ndi Sunday Pan, kumene chiuli chinayesa kutsekula bokosi langa la chakudya usiku koma chinalephera. Chokhacho chimene chinandidetsa nkhawa ndi udzu. Chaka chino udzu wa pakati pa mizere iwiri ya matayala watalika kufika pa boneti, ndipo wabereka njere zochuluka moti Lachitatu, ndikulowera ku Letiahau, ndimaima pakangotha theka la ola kukasasa ukonde wa kutsogolo kwa rediyeta ndi kukawokola ndi waya zinyalala zounjikana kunsi, pafupi ndi paipi ya utsi.

Madzulo a Lachitatu lomwelo ndinaimba foni ya satelayiti ku ofesi monga mwa nthawi zonse. Nditatha kupereka lipoti, mnzathu wa pa desiki ananena ngati wangokumbukira kuti pali mlendo wina woyenda yekha amene anayenera kubweza galimoto Lolemba koma sanaoneke. Ndinafunsa kuti malo ake omaliza kugona anali kuti, ndipo atasanthula mapepala anati ku Passarge, usiku wa Lamulungu. Ndinafunsanso ngati amuimbira. Anati foni yake sikulowa, ndipo abwana anena kuti mwina munthuyo wangokomedwa ndi malowo, tidzamulipiritsa masiku owonjezera akabwera. Munthu ali yekha m'chipululu masiku awiri athunthu atadutsa, iwo n'kumawerengera ndalama za masiku owonjezera!

Kuyendetsa galimoto usiku m'nkhalangomo n'koletsedwa, ndipo ngakhale kukanaloledwa, kufunafuna munthu mumdima m'udzu wotalika chonchija n'kungowonjezera galimoto yachiwiri yovutika. Ndinawauza kuti adziwitse ogwira ntchito a pachipata nthawi yomweyo, ine n'kukwera m'tenti ya padenga, koma tulo sindinatione. Kutangoyamba kuyera ndinanyamuka kulowera kumpoto.

Ndinaipeza galimotoyo cha m'ma 11 koloko m'mawa, pa kamsewu kena kolowera ku Passarge komwe udzu wake unaonetsa kuti sipanadutse galimoto ina masiku angapo. Choyamba kuchiona chinali malaya ofiira omangidwa ku chogwirira cha fosholo, fosholoyo itaimikidwa padenga. Boneti inali yotsekula. Munthuyo anali gone kunsi kwa galimoto, pamene anakumbapo mchenga pang'ono kuti apeze pozizirirako, ndipo atamva injini yanga anayesa kutuluka mokwawa. Ndinati, "Bambo, musadzuke, khalani pomwepo, madzi ndabwera nawo." Anali bambo wachikulire ndithu, milomo itang'ambika, malovu atauma moti mawu samatuluka bwino. Ndinamusungunulira mchere ndi shuga m'madzi n'kumamupatsa pang'onopang'ono, chifukwa munthu wotere ukamupatsa botolo lonse amagugudiza kenako n'kusanza zonse. M'chigubu chake munatsala madzi osakwana malita 2.

Chimene sichichoka m'maso mwanga mpaka lero ndi mapazi ake. Pagalasi lakutsogolo anasiya kalata yonena kuti wanyamuka wapansi Lachitatu m'bandakucha kukafuna thandizo. Ndinalondola mapaziwo mumchenga: anayenda mamita ngati 300, kenako pali malo pamene anaima n'kupondaponda, ndipo kuchokera pamenepo mapazi akubwerera, otalikirana, a munthu wofulumira. Patsogolo pang'ono pa malo amene anaimawo panali mphondero za mkango zodutsa msewu, zatsopano. Mkango umenewo ndi umene unamupulumutsa, pakuti akanapitirira, ndi madzi amene anali nawo ndi dzuwa la masana a Marichi, ndikanapeza galimoto yokha. Tonse timawauza alendo kuti zikavuta asasiye galimoto, popeza galimoto imaoneka patali, ili ndi mthunzi, ndipo ofufuza amayambira pamenepo. Koma lamulo limeneli limagwira ntchito pokhapokha ngati kunja kuli wina amene akufufuzadi.

Atapezako mphamvu anandifotokozera. Lolemba m'mawa anaona singano ya kutentha kwa injini ikukwera, anaima, anadikira kuti izizire, n'kuthira madzi. Atayenda pang'ono inawiranso, anathiranso, mpaka kanayi, ndipo madzi onsewo anali akumwa. Apa ndiye pamene analakwitsa, ndipo sindimuikira kumbuyo, koma palibe amene anamuuza kuti vuto silinali kuchepa kwa madzi. Nditayang'ana rediyeta ndinapeza timipata take tonse tatsekeka ndi njere, zitaphatikana ngati chiguduli, mpweya wosadutsa ngakhale pang'ono. Ukonde wotchinga njere panalibe. Kunsi kwa chitsekero cha oyilo kunali thovu loyera, kusonyeza kuti gasiketi, chotchinga chimene chimalekanitsa madzi ndi oyilo mu injini, inapsa kale ndipo madzi asakanikirana ndi oyilo. Nditakwawira kunsi ndinasolola udzu wodzaza manja awiri pamwamba pa chitsulo chotchinga paipi ya utsi, wina utada kale ndi kutentha. Injini ikanapirira makilomita ena ochepa, galimotoyo ikanayaka, ndipo moto wa mtundu umenewu umamaliza galimoto pamodzi ndi madzi, chakudya ndi zonse zili mkatimo pa mphindi zowerengeka.

Kenako anandipatsa foni ya satelayiti imene tinamubwereka ndi kunena kuti, "Achimwene, ndaiyesa kuyambira Lolemba, mwina ine ndi amene sindidziwa kagwiritsidwe kake." Ndinaiyatsa. Batire linali ndi moto, masatelayiti imawapeza bwinobwino, koma mayunitsi ake anatha nthawi. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chiyambireni ntchito iyi, chifukwa munthuyo anatha masiku atatu akudziimba mlandu pa chinthu chimene ife tinamupatsa chili chakufa kale.

Ndilankhule mosapsatira mawu. Mayunitsi a mafoni amenewa amakhala ndi tsiku lothera, ugwiritse ntchito usagwiritse, ndipo ndinalemba mndandanda wa masiku amenewo mu Januwale n'kuupereka ku ofesi. Yankho linali lakuti nyengo ya mvula alendo amachepa, tidzagula nyengo ya alendo ikayamba. Maukonde a njere ndinapempha mwezi womwewo, ndipo pa magalimoto athu onse ndi anayi okha amene ali nawo, imodzi mwa iwo ndi imene ndimayendera ine. Ndinapemphanso kuti aliyense woyenda yekha tizimupatsa kachipangizo kolira pangozi ka 406 MHz, kamene kamatumiza chizindikiro kudzera ku masatelayiti othandiza kupulumutsa anthu a Cospas-Sarsat ndipo sikafuna mayunitsi a mwezi ndi mwezi; anati n'kodula. Komatu pa zotsatsa malonda zathu timalemba ndi zilembo zikuluzikulu za kukoma kogona wekha pansi pa nyenyezi, kutali ndi anthu. Kukomako n'koona, ine ndine mboni, koma ine ndikagona ndekha ku Letiahau ndimadziwa kuti ndikapanda kuimba pofika 6 koloko madzulo pali wina amene adzidzimuke. Mlendo uja analipira ndalama zake poganiza kuti nayenso ali ndi munthu wotero, pamene tsiku lake lobwerera linangolembedwa m'buku limene palibe amalitsekula.

Kukoka galimoto yodzaza katundu mumchenga mtunda wonsewo sikukanatheka popanda kuwononganso yanga, choncho tinatenga zikalata zake ndi chikwama, tinakhoma zitseko, ndipo ndinasunga malowo pa GPS. Tinatulukira pa Matswere dzuwa litapendeka, ogwira ntchito a pachipata anatithandiza mwaulemu kwambiri, ndipo usiku womwewo anaonedwa ndi achipatala. Njira yonse sanadandaule kanthu, anangofunsa kawiri ngati kampani imulipiritse injini.

Lachisanu ndinabwerera ndi amakaniko ndi galimoto yaikulu yokokera, ndipo tsiku lonse linathera pamenepo. Misewu ya ku Piper Pan imene ndinatumidwa kukaona sindinaione, ndipo lipoti la chaka chino lili ndi mpata pamenepo. Loweruka ndinakhala pansi ndi abwana. Anandithokoza, kenako anatulutsa pepala la mgwirizano n'kundisonyeza ndime yonena kuti kuwonongeka kwa injini chifukwa cha kutentha ndi mlandu wa wobwereka. Ndinati, "Abwana, ngati nkhaniyi ifike polemberana makalata, ine ndidzalemba zimene ndinaona pa rediyeta ndi pa foni, ndipo kalata yanga ya mu Januwale ndinasunga." Sanayankhe, anangoti tidzakambirana.

Lamulungu ndinayendera magalimoto onse a pabwalo pamodzi ndi mafoni ake. Mafoni atatu ndinawapeza opanda mayunitsi. Magalimoto awiri opanda ukonde alembedwa kuti anyamuka Lachiwiri kupita ku Kalahari komweko, imodzi ndi banja la ana awiri, ina ndi mayi woyenda yekha, ndipo makiyi ake onse awiri ali m'chikwama changa.