Ndakatulo ikakana kubwera: mmene ndimayendetsera lonjezo la pa 1 Januwale

Lonjezo loti "chaka chino ndilemba ndakatulo zambiri" limafa Januwale asanathe, chifukwa lilibe poligwira. Ine chimene ndimalonjeza ndi nthawi: mphindi 15 tsiku lililonse, m'mawa ndisanagwire foni, kope limodzi ndi bolopeni basi. Malire ndimaika pa 21 Malichi, tsiku lokumbukira ndakatulo padziko lonse limene bungwe la UNESCO linakhazikitsa mu 1999. Amenewo ndi masabata 11, ndipo ndimangofuna ndakatulo zitatu zopsa bwino.

Masabata awiri oyamba sindilemba ndakatulo, ndimangotola. Tsiku lililonse ndimalemba zinthu zisanu zimene maso aona, ndi chiganizo chimodzi chimene ndamva mu minibasi kapena pachigayo, ndendende mmene mwini wake wachinenera. Mutu umauma kawirikawiri chifukwa timayambira pa nkhani zikuluzikulu: chikondi, umphawi, imfa. Munthu sungazione, sungazigwire. Koma thumba la feteleza limene mwana wafunda kumutu mvula ikukhuthuka, madzi akutsika m'zigongono, limenelo ungalilembe, ndipo umphawi uli kale momwemo osautchula dzina.

Kuyambira sabata yachitatu ndimasankha chinthu chimodzi m'kopemo n'kulemba mizere 10 osafufuta kanthu. Apa ndiye pagona nkhani. Kulemba ndi kukonza ndi ntchito ziwiri, ndipo ukazigwira nthawi imodzi mzere woyamba umaweruzidwa wachiwiri asanabadwe, basi dzanja laima. N'chifukwa chake ndimakana pensulo ndi labala. Mphindi 15 zikatha ndimasiya, ngakhale pakati pa mzere. Kusiyira pakati n'kwabwino kumene, mawa ndimapeza poyambira.

Tsiku limene palibiretu chotuluka ndimayambira pa mvekero. Ndimalemba "zii", "mbuu" kapena "phee" pamwamba pa tsamba n'kudzifunsa: chati zii n'chiyani, kuti, nthawi yanji? Mayankho atatuwo ndi mizere itatu.

Zolembazo ndimazisiya masiku 7 osaziona, kenako ndimaziwerenga mokweza ndikudzijambula mawu pafoni. Chichewa chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndiye mzere wolemera khutu limaumva msanga kuposa diso. Pamene lilime lapunthwa kapena mpweya wathera panjira, ndimadula. Pa mizere 10 ikatsala 4 yamoyo, ntchito yayenda.

Msampha umene ndimaupewa kwambiri ndi kufananitsa mathero a mizere. Mawu athu amathera pa a, e, i, o kapena u, ndipo aneni ambiri amathera pa -a, choncho kufananitsako sikuvuta, ndipo mlakatuli amayamba kusankha mawu chifukwa cha mchira wake osati tanthauzo. Ndimadalira kubwereza mawu, monga zichitira nyimbo za pamtondo, ndi kugwirizana kwa kumayambiriro kumene chinenero chimapereka chokha: "chimanga chathu chija chafota".

Sinditumiza kanthu pa WhatsApp kapena Facebook Malichi asanafike, chifukwa kuyamikiridwa msanga kumaumitsa ndakatulo isanapse. Ndikadumpha tsiku, sindibweza ngongole ya mphindi 30, poti ngongole yotere ndi imene imagwetsa ulesi mpaka kope kutsekedwa. Ndimangolemba deti la tsikulo, kujambula kamzere, n'kupitiriza pamene ndinasiyira.