Dzimbiri la zaka 300

Popeza anyamata kuno ku Joni ayamba kale kundiitana kuti "Samurai", dzina la asilikali akale a ku Japan, kuli bwino nkhaniyi muimve kwa mwini wakene.

Abwana anga ali ndi lupanga la ku Japan, katana, lomwe amati linasulidwa ku Osafune, dera la Bizen, m'nyengo ya Edo, ija inayamba 1603. Tsikulo anazula kachikhomo kansungwi komwe kamagwira chogwirira, kuti aonetse mlendo dzina la mmisiri lozokotedwa pachitsulo cham'kati. Atatero anamuperekeza, lupanga n'kulisiya patebulo.

Ine polowa ndi kansalu, ndikuona lupanga lonse lili waliwali, koma kumchira, kuchitsulo cham'kati kuja, kuli bii, dzimbiri lokhalokha. Ndinawachitira manyazi abwana. Mayi anga ku Ntcheu sanalere mwana woona dzimbiri n'kulambalala. Ndinatenga sitiwulu ndi Vim, n'kukwecha ngati mphika wa paukwati, mpaka thukuta kamukamu. Pomaliza ndinauzira mpweya, haa, kupukuta ndi malaya, n'kudontheza timafuta tophikira.

Atabwera analiyang'ana. Anavula magalasi. Anawavalanso. Anawavulanso. Kenaka anakhala pansi, osati pampando ayi, pansi penipeni. Ine ndili chiimire, manja kumbuyo, mano onse pamtunda, ndikuwerengera bonasi mumtima. Ndinafika ponena kuti, "Musadandaule bwana, sizinandivute."

Mawu atabwerera m'pamene ndinaphunzira. Mchirawo amati nakago, ndipo satsuka. Dzimbiri lakudalo, pamodzi ndi timizere ta tupa, ndi zomwe akatswiri amaonera zaka za lupanga. Ine zaka 300 ndinazimaliza chakudya chamasana chisanakwane. Mpweya wam'kamwa nawonso akuti umadyetsa chitsulo, n'chifukwa chake ena amaluma pepala akamaligwira. Mafuta ake ndi apadera, a choji. Wonola malupangawa amaphunzira zaka ngati 10. Ndiye kuli kamzere kamafunde kam'mphepete mwa kukamwa kwake, hamon, kamene kamabwera mmisiri akamata dongo asanaviike chitsulo chamoto m'madzi. Ine ndinkayesa ndi sopo wouma. Kanapulumuka chifukwa mkono unali utatopa, koma izi sindinawauze.

Komatu anzanga, tinene chilungamo, chinthu chamtengo wotero n'kuchisiya pambali pa makapu akuda? Ndipo dzina lija likuonekabe, bola upendeketse padzuwa n'kutsinzina diso limodzi.

Ntchito ikadalipo. Chipindacho pano chili ndi loko, ndipo dzulo nditatenga sitiwulu kuti nditsuke mapoto, abwana ananditsatira mpaka pasinki.